Nakwenda Akhalira Ng'oma ya Masika

Kalekale, agogo a agogo anu asanamere ndi mano omwe... Iwe Ndaona, leka kutokosa motowo, phulusa likundilowa m'maso! Sendererani kuno nonse. Lero malume anu ndakwiya, ndipo ine ndikakwiya nthano imabwera yokha. Mbuzi ya a Fulaye yalowanso m'nandolo wanga. Kachitatu! Ndikawafunsa akuti, "Ndimayesa munatha kukolola." Kukolola? Nandolo amene akadali maluwa? Chabwino. Padangokhala!

"Tili tonse!"

Kalekale kunali dziko lina lalikulu. Dzina musandifunse. Kumunsi chigwa, kumtunda phiri. M'chigwa munkatentha. Anthu ankalima chimanga, ndipo chinkauma msanga. Paphiri panali nkhungu ndi chisanu. Chimanga chinkakana kumeneko, choncho anthu ankalima mapira ofiira. Mapira, ana inu, sathamanga. Amacha pa nthawi yake.

Chaka chilichonse dziko lonse linkachita chikondwerero cha masika. Tsiku limodzi, anthu onse, a m'chigwa ndi a paphiri omwe. Pabwalo la mfumu panali ng'oma yaikulu, yoimika ngati mtondo, chikumba pamwamba. Inali yaitali moti woliza ankachita kukwera pachitsa. Ng'oma imeneyi ikalira, magule ankayamba, mowa wa nsembe unkakhala pamoto, ndipo makola onse m'dzikomo ankatsekulidwa. Ng'ombe ndi mbuzi zinkapita kukadya mapesi m'minda ya aliyense.

Lamulo lake linali lalifupi. Ng'oma isanalire, chiweto chikalowa m'munda wa munthu, chapita, ndi cha mwini munda. Ng'oma ikalira, mlandu palibe. Mwamva? Ligwireni limeneli, tilifuna kutsogoloku.

Tsono mowa wa nsembe, wothokoza mizimu chifukwa cha zokolola, sunkafululidwa ndi chimera wamba. Ayi. Unkafuna chimera cha mapira ofiira atsopano a paphiri. Chimeracho chinkatsika phiri mumkhate umodzi wakale, wa makolo a mfumu, wakuda ndi utsi, wokhala ndi mng'alu pakhosi. Wonyamula anali mayi wamkulu wa m'mudzi wa pamwamba penipeni. Mkhatewo sunkagunda pansi mpaka utafika kukachisi. Wonyamula sankakhudzidwa ndi mwamuna, ndipo sankafulumizitsidwa. Akatopa panjira, mayi wina aliyense ankatha kumulandira kuti apume.

Mayi wonyamula mkhate pa nthawi imeneyo anali Nakwenda. Wamfupi, wouma, wa mawu ochepa. Mbewu yake ya mapira anailandira kwa amayi ake, amayi akewo anailandira kwa amayi awo.

Vuto linali limodzi. Chikondwererochi chinalibe tsiku lokhazikika. Chaka ndi chaka mfumu ndiyo inkatchula tsiku. Mfumuyo inali yachinyamata, yokoma mtima ndithu, yosadziwa kukalipa. Koma inali ndi nthenda yoipa: inkavomera amene walankhula komaliza. Ndipo wolankhula komaliza nthawi zonse anali atsibweni ake, a Chiphazi.

A Chiphaziwa anali ndi ng'ombe, ana inu! Zikamatuluka m'khola fumbi linkachita kuphimba dzuwa. Amalonda ogula ng'ombe ankafika chisanu chisanakule, ndipo sankafuna nthiti, ankafuna mafuta. Ndiye Chiphazi ankafuna kuti ng'ombe zake zilowe m'mapesi msangamsanga.

"Mfumu," ankatero, "chimanga chauma. Tikudikira chiyani?"

"Mukunena zoona, atsibweni."

Chaka chotsatira: "Mfumu, tibweze pang'ono tsikuli. Masiku khumi okha."

"Mukunena zoona, atsibweni."

Chaka chinacho: "Mfumu, masiku khumi enanso."

"Mukunena zoona, atsibweni."

Tsiku linkabwerera m'mbuyo, linkabwerera m'mbuyo. Ng'ombe zikamaliza mapesi a m'chigwa zinkadzutsa mitu. Paphiri biriwiri! Zinkakwera. Chaka choyamba zinadya m'mbali mwa minda. Chaka chachiwiri zinadya theka. Chaka chachitatu zinaseseratu. Nakwenda anaima pakati pa munda wake ndi ndodo, akumenya iyi, iyo ikudya. Abusa ankangoseka. "Ng'oma inalira, mayi. Mlandu palibe!"

Zitachoka, Nakwenda anagwada. Anakwawa munda wonse, kutola njere imodziimodzi mwa zimene zinali zitakhwimako. Anakwawa masiku anayi. Zimene anatola zinangodzaza chikho chimodzi. Anzake a m'mudzimo sanatole kanthu. Chaka chimenecho paphiri anadya zikhawo ndi nthochi zaziwisi, koma chikho chija Nakwenda sanachikhudze. Mvula itagwa anadzala zonse. Sanasiye ndi njere imodzi yomwe.

Mwaona pamene pali nkhani? Mapira ofiira onse a m'dzikomo anali m'munda umodzi umenewo. Ng'ombe zikanalowamonso, mbewuyo ikanatha. Osati chaka chimodzi, koma mpaka kalekale.

Mapira anamera. Anakula. Anatulutsa ngala. Ngala zikadali zobiriwira, mthenga wa mfumu anatulukira.

"Zikomo, mayi. Mfumu yati ng'oma ilira pakapita masiku anayi. Mkhate utsike."

Nakwenda anangoti, "Ndamva."

Mthenga atapita, mwana wake wamkazi, Tionenji, mayi wa ana awiri, anagwira pakamwa.

"Amayi, chimera tichitenga kuti? M'nkhokwe mulibe ngakhale njere yonyengerera nkhuku!"

"Ndikudziwa."

"Nanga tidule mapirawa ng'ombe zisanafike? Tipulumutseko pang'ono."

"Mbewu yaiwisi simera, mwana wanga. Ukadula lero, wadulira moto."

"Ndiye titani?"

Nakwenda anatenga mpeni, nalowa m'munda. Anadula ngala zitatu zokha, naziika mumkhate, navundikira ndi mbale.

"Iwe khala pansanja, uzipirikitsa mpheta. Njere ikadzati gwa pa dzino, kolola. Mbewu uyambe waimangirira kudenga. Ukatero unditsatire."

"Nanga ng'oma ikalira?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Za ng'oma undisiyire ine."

Anapinda nkhata, nasenza mkhate, natsika phiri.

Anayenda. Anayenda. Tsiku lachinayi m'mawa anafika pabwalo la mfumu. Anthu anali waa! Amayi atadzola mafuta, abambo atavala nsalu zatsopano. Woliza ng'oma anali atawamba kale chikumba ndi moto wa udzu, ndodo zake ziwiri zili m'manja. Ku makola abusa anali atagwira kale mipiringidzo. Anthu anapatuka kumupatsa njira yopita kukachisi.

Nakwenda sanapite kukachisi. Anakhota. Anaponda pachitsa. Anatembenuka bwinobwino, mkhate uli pamutu. Khale pang'oma!

Anthu onse anatembenukira kung'oma.

"Mayi, mwasochera!" anatero woliza ng'oma. "Kachisi ali uko!"

"Sindinasochere, bambo. Ndatopa. Ndikupuma."

"Pumirani apa, pali mphasa."

"Pano ndi pabwino."

Chiphazi anabwera akupuma ngati wathamanga. "Mayi inu, mukudziwa chimene mwakhalira?"

"Chikumba cha ng'ombe, bambo. Abale ake anakhalira munda wanga chaka chatha."

Amayi ena anabisa nkhope m'nsalu. Chiphazi anafuula, "Mtsitseni!" Amuna anayi anasendera, manja patsogolo. Nakwenda anachotsa manja ake pamkhate, nawapinda pachifuwa. Mkhate unayamba kupendama pankhata, uku, uku.

"Ndikhudzeni," anatero. "Koma ndikuuzirenitu, khosi langa ndi lamantha."

Amuna aja anayang'ana mng'alu uja. Anayang'anana. Anabwerera chambuyo pang'onopang'ono. Ndani akanafuna kutchedwa munthu amene anaswa mkhate wa makolo a mfumu? Akuluakulu sananame: khoswe akakhala pamkhate sapheka. Uyu ndiye anachita kuusenza.

Nakwenda anatsitsira mkhate pamiyendo, nayamba kuimba chapansipansi. Inu muzivomera kuti, "Khala, mayi, khala."

Ndakhala, ine ndakhala,
Khala, mayi, khala!
Ngala ikadali mkaka,
Khala, mayi, khala!
Ndidzadzuka ikafiira,
Khala, mayi, khala!

Koma Chiphazi sanali chitsiru. Munthu woipa akakhalanso wochenjera ndiye amandinyansa kwambiri. Anaganiza, naseka. Anaitanitsa chipanda chachikulu cha thobwa lozizira.

"Mayi, mwayenda ulendo wautali. Imwani. Mlendo wa mfumu sakhala ndi ludzu."

Nakwenda anali ndi ludzu loona, masiku anayi panjira. Anamwa. Anamupatsanso. Anamwanso. Dzuwa litafika pamutu, Chiphazi anayala chikopa pansi pa mtengo, nakhala, namangomuyang'ana.

"Tidikire," anauza woliza ng'oma. "Chimene amuna anayi alephera, thobwa lichita."

Mukuseka chiyani? Inu simunamwepo thobwa? Fatsani, iwe usaseke kwambiri, mphasa yako timaidziwa.

Dzuwa linapendeka. Nakwenda anasiya kuimba. Anapinda mwendo uwu pa unzake. Anausinthanso. Thukuta kamukamu. Kunena zoona, ana inu, apa mtima wake unagwa. Anaona kuti mbewu ya amayi ake itha chifukwa cha chipanda cha thobwa, ndipo anachita manyazi ndi mantha pamodzi. Woliza ng'oma anayamba kupukuta ndodo zake.

M'gulu la anthumo munali mayi wina wa m'chigwa, Nangondo, wonenepa, wa pakamwa. Iyeyu ndiye ankatsogolera kunyoza anthu a paphiri pamsika, amvekere, "Abwera odya chakudya cha mbalame!" Koma Nangondo ankalima nandolo pakati pa chimanga, ndipo nandolo nayenso sathamanga. Zaka zitatu mbuzi za anthu zinkamudyera nandolo akadali maluwa, iye n'kumangotukwanira kuchitsime.

Nangondo anamanga nsalu m'chiuno zolimba, natuluka m'gulu.

"Achemwali, sendezani uko."

"Iwe Nangondo!" anakuwa Chiphazi. "Ukutani?"

"Mwambo umati wonyamula akatopa alandiridwe, bambo. Sunanene kuti alandiridwe ataimirira."

Anaponda pachitsa. Anakhala m'mbali mwa Nakwenda, chiuno kugunda chiuno. Analandira mkhate. Nakwenda anatsetsereka pang'onopang'ono, Nangondo akudzaza malo. Chikumba cha ng'oma sichinaone dzuwa ngakhale pang'ono.

"Thamangani kuthengo, achemwali," anatero Nangondo. "Musafulumire kubwera. Ine kukhala ndiye ntchito imene ndimaitha."

Kuyambira pamenepo zinthu zinasintha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo amayi a nandolo anali ambiri. Wina anabweretsa madzi. Wina mbatata yootcha. Ena anazika mitengo, namanga kachisakasa pamwamba pa ng'oma. Nakwenda akafuna kutambasula miyendo kapena kugona, wina ankakwera. Uyu akatsika, uyo wakwera. Uyo akatsika, Nakwenda wabwerera. Mkhate osagunda pansi, ng'oma osaona dzuwa.

Nanga mfumu? Mfumu inali m'nyumba. Inkadana ndi phokoso, ndipo inkayembekeza kuti nkhaniyi itha yokha. Tsiku lachitatu inatuluka, inafika pang'oma, inayang'ana pansi ngati yolakwa ndi iyo.

"Amayi, mukufuna chiyani? Ng'ombe? Nsalu? Nenani, ndikupatsani."

"Zikomo mfumu. Vundukulani mkhatewu."

Mfumu inachotsa mbale ija. Inasuzumira. Ngala zitatu zobiriwira, zitayamba kufota.

"Chimera chili kuti?"

"Tswanyani njere imodzi."

Mfumu inatswanya ndi chikhadabo. Timadzi toyera ngati mkaka tinatuluka.

"Chimera chanu ndi chimenecho, chili pachalacho," anatero Nakwenda. "Fululani."

"Koma chaka chatha munabweretsa chimera. Chaka chinachonso munabweretsa."

Zimene Nakwenda ankati anenezi zikanatha kumuthamangitsa m'dziko, ndipo ankadziwa. Kenako analankhula mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve.

"Zaka zitatu ndakhala ndikubweretsa chimera cha mapira akale, otsala m'nkhokwe. Atsopano anali asanache, ndipo ndinkaopa kunena. Inu munkagwada kukachisi, n'kumati, 'Makolo athu, landirani zatsopano.' Zinali zakale, mfumu. Tinanamiza mizimu tonse awiri, ine ndi manja, inu ndi pakamwa. Chaka chino zakalezo zatha. Bodza lilibenso poti ndikalitape."

Anthu anati, "Haaa!" Nkhalamba zina zinagwira kumutu. Mfumu inatuwa milomo.

"Wavomera yekha!" anakuwa Chiphazi. "Wanyenga mizimu! Mumkhatemo mulibe nsembe. Mkokeni, achoke m'dziko muno!"

"Chimera mulibe, koma mkhate ndi womwewo," anatero Nakwenda, nauika pamutu, nachotsanso manja. "Kundithamangitsa mundithamangitsa, sindikukana. Koma mudikire mapira ache. Mukuthokoza mizimu kuti dziko lakolola. Dziko lake liti? Ife a paphiri si dziko? Inu mukamavina kuno, ife timakhala tikulimbana ndi nyanga m'minda. Chikondwerero chanu ndi maliro athu."

Mfumu inayang'ana atsibweni ake. "Mukunena zoona, atsibweni." Inayang'ana Nakwenda. "Inunso mukunena zoona, amayi." Kenako inalowa m'nyumba, n'kutseka chitseko.

Aaa! Munthu wotere, ana inu, amandipweteketsa mutu kuposa Chiphazi. Woipa umadziwa pomuzemba. Koma wovomera zonse uyamba naye pati?

Masiku anapita. Amalonda a ng'ombe anafika, anaona nthiti, anapukusa mitu, nati adikira pang'ono chabe. Chiphazi sankadya. Tsiku lakhumi m'mawa anapita kukhola kwake.

"Ng'oma ndi chikumba chakufa!" anatero. "Ine ndidikire chikumba? Tsekulani! Zithamangitsireni kuphiri, zikadye zobiriwirazo, tione chimene akhalire nkhalambayo."

Mipiringidzo inagwa. Fumbi linakwera.

Nakwenda ali pang'oma analiona fumbilo. Anaona kumene likulowera. Anafuna kudumpha, kuthamanga, kukaima ndi ndodo pachipata cha munda wake.

"Nangondo, landira mkhatewu! Ndikupita!"

"Mukafika liti, achemwali? Masiku anayi? Ndi miyendo yotupayi?" Nangondo anamugwira bondo. "Ndipo mukachoka inu, amayiwa achita mantha, abalalika. Ng'oma ilira. Apo sizikhala ng'ombe za munthu mmodzi, zikhala za dziko lonse. Khalani. Izi ndi zathu."

Nakwenda anakhala. Misozi inkatsika, koma anakhala.

Njira ya kuphiri inkadutsa pakati pa minda ya nandolo ya m'chigwa. Ng'ombe yanjala simva za ulendo. Zitangoona nandolo, zinapatuka, iyi uku, iyo uko. Abusa anakuwa, anaimba mluzu, koma pachabe. Ndipo m'minda monsemo munatulukira amayi, aliyense chingwe cha luzi m'manja.

Nangondo anaponya chingwe m'nyanga za ng'ombe yamphongo, yaikulu kuposa zonse. Anafunsa mbusa mwaulemu, "Achimwene, kodi ng'oma yalira?"

Mbusa anakanda m'mutu. "Sinalire, mayi."

"Zikomo. Ndiye iyi ndi yanga."

Munda wotsatira: "Kodi ng'oma yalira?"

"Sinalire."

"Iyi ndi yanga."

Munda winawo: "Ng'oma yalira?"

"Sinalire!"

Abusa anabweza zotsalazo mwaliwiro, nazitsekera. Palibe ndi imodzi yomwe inaponda phiri. Chiphazi anathamangira kwa mfumu, nsalu ikukwekwereza pansi.

"Mfumu! Akazi andilanda ng'ombe! Lamulani azibweze!"

Mfumu inatuluka. Inayang'ana atsibweni ake. Inayang'ana chala chake chija chinatswanya njere. Akuti masiku onsewo inkangochiyang'ana. Ndiye inati, motsitsa mawu ngati mwa masiku onse:

"Atsibweni, ine ng'oma sindinaimve."

"Mfumu?"

"Sindinaimve. Inu munaimva?"

Aka kanali koyamba kuti Chiphazi alankhule komaliza koma osavomerezedwa.

Chisanu chinakula. Mphepo inkalowa m'kachisakasa kaja ngati muli kwawo. Nakwenda anayamba kutsokomola. Mapazi anatupa. Amayi ankamuuza kuti akagone m'nyumba masiku awiri, iwo akhalira. Iye ankakana. "Mbewu ndi yanga, matako akhalenso anga." M'mawa uliwonse ankayang'ana njira ya kuphiri. Palibe. Madzulo ankayang'ananso. Palibe. Ankaopa mpheta, ankaopa anyani, ankaopa kuti mwina wakhalira ng'oma mwezi wonse chifukwa cha munda umene unatha kale. Koma nyimbo sanaisiye, ngakhale mawu anali atasasa.

Ndakhala, ine ndakhala,
Khala, mayi, khala!

Tsiku lina dzuwa litatsala pang'ono kulowa, munthu anaoneka panjira ya kuphiri, dengu pamutu. Anali Tionenji, wowonda, milomo yong'ambika ndi kukuwa mbalame. Anatula dengu patsogolo pa ng'oma. Pansi chimera chatsopano. Pamwamba ngala, zofiira psuu!

"Amayi, mpheta zadya chigawo chonse cha kumtunda. Ndinali ndekha, sindikanatha. Koma mbewu ili kudenga. Mitolo isanu ndi iwiri."

Nakwenda anatola njere imodzi. Anaika pa dzino. Gwa!

Analira, ana inu. Mayi wouma uja analira ngati mwana, ndipo sanabise nkhope. Amayi onse anaimba nthungululu mpaka mfumu inatuluka.

Anachotsa ngala zitatu zouma zija mumkhate, nathiramo chimera chatsopano. Woliza ng'oma anatola ndodo zake. Koma Nakwenda sanadzuke.

"Amayi, mapira acha," inatero mfumu. "Za kukuthamangitsani ziiwaleni, bodza lija linali lathu tonse. Mukudikiranso chiyani?"

"Chaka chamawa, mfumu. Ndakalamba. Sindingamatsike phiri chaka chilichonse kudzakhalira ng'oma."

"Chabwino. Chaka chamawa tsiku mudzatchula ndinu."

"Ayi. Ine ndili ndi munda. Ndidzakokera kwanga."

"Ndiye ndidzatchula ndine, ndipo ndidzakumbukira."

"Pepani mfumu, inu muli ndi atsibweni."

Anthu anaseka, ndipo mfumu nayo inaseka, mwamanyazi. "Nanga atchule ndani?"

Nakwenda analoza kum'mawa. Dzuwa linali likulowa uku, ndipo uko mwezi unali ukutuluka, wathunthu, waukulu ngati lichero.

"Uyo. Alibe ng'ombe, alibe munda, alibe mbale pabwalo pano. Uwu ndi mwezi wachiwiri wa chisanu. Amayi anga ankamaliza kukolola mwezi umenewu ukamadzaza, agogo anganso chimodzimodzi. Nandolo wa Nangondo naye amakhala atauma. Mwezi umenewu ukadzaza, lizani ng'oma. Usanadzaze, ngakhale ng'ombe zilire bwanji, ndodo zikhale pansi."

Mfumu inayang'ana uku ndi uku, kufuna wina wolankhula pambuyo pake. Chiphazi anatsekula pakamwa. Amayi onse anatembenuka kumuyang'ana, ena zingwe za luzi zikadali m'chiuno. Anatseka.

Ndiye mfumu inaimirira pachitsa, nilankhula mokweza koyamba m'moyo wake: "Tamverani, a m'chigwa ndi a paphiri! Chikondwerero cha masika ndi tsiku limene mwezi wachiwiri wa chisanu wadzaza. Chaka chino, chaka chamawa, ndi zaka za adzukulu athu. Ine sindidzalisuntha, ndipo wodzalowa m'malo mwanga asadzalisunthe!"

Pamenepo Nakwenda anatsika. Miyendo inakana kumunyamula. Nangondo anamugwira mbali iyi, Tionenji mbali iyo, mpaka anakatula mkhate kukachisi. Woliza ng'oma anawamba chikumba, anawamba, anawambanso, koma chinali chitalowa pakati chifukwa cha kukhaliridwa mwezi wathunthu. Atamenya, ng'oma sinalire "nde nde nde" ngati kale. Inalira "duu, duu, duu," mawu apansi, olemera. Akuti kuyambira tsiku limenelo ng'oma ya m'dziko limenelo inkalira choncho, ndipo palibe anafuna kusintha chikumbacho.

Nakwenda sanavine. Atapezako mphamvu anakwera kwawo pang'onopang'ono, akupuma m'midzi. Anagawa mitolo ya mbewu ija khomo ndi khomo paphiri ponse, nasunga umodzi. Patapita masiku, ng'ombe za Chiphazi zotsala zinafika pamwamba. Zinapeza munda uli mbee, mapesi okhaokha. Zinapezanso Nakwenda atakhala pachulu, ndodo ataisiya kunyumba.

"Lowani," anaziuza. "Idyani. Izi ndakusiyirani ndine."

Nthano yanga yatsika pang'oma, yathera pomwepa. Fukulani mbatata m'phulusamo zisanasanduke makala, yaikuluyo ndi ya malume. Ndipo mawa m'mawa Ndaona undipezere chingwe cha luzi, ndikufuna ndikafunse a Fulaye ngati anamva ng'oma.

Chikondwerero cha onse chimadikira wotsiriza kukolola.